Si chitonzo chilichonse chomwe ndi cha Khristu

Lero tiphunzireko liwu limodzi la Chigiriki, chinenero chomwe analembera Chipangano Chatsopano. Liwulo ndi oneidismos. Pa Chichewa timati chitonzo: kunyoza munthu pagulu, kumuvula ulemu mpaka dzina lake linunkhe. Liwuli likupezeka kasanu kokha m'Chipangano Chatsopano.

Pa Aroma 15:3, Paulo akuti zitonzo zomwe anthu ankanyoza nazo Mulungu zinagwera Khristu. Pa Ahebri 10:33, okhulupirira anachititsidwa manyazi anthu akuonerera. Pa Ahebri 11:26, Mose anaona kuti kutonzedwa chifukwa cha Khristu n'kwamtengo wapatali kuposa chuma chonse cha ku Aigupto. Pa Ahebri 13:13 tikuuzidwa kumutsata Yesu kunja kwa msasa titasenza chitonzo chake. Mavesi anayiwa timawakonda, tikawamva timakuwa Aleluya!

Koma vesi lachisanu timalilumpha. Pa 1 Timoteo 3:7, Paulo akuti woyang'anira mpingo akhale ndi mbiri yabwino kwa anthu akunja, kuopa kuti angagwe m'chitonzo ndi mumsampha wa Mdyerekezi. Liwu lake ndi lomwelija, oneidismos. Mwaona? Pali chitonzo chomwe umasenza chifukwa cha Yesu, palinso china chomwe umadziputira wekha.

Inu mayi amene apongozi akukunenani chifukwa mwakana kupita ndi mwana kwa sing'anga, limbani mtima. Iwe mnyamata amene anzako kuntchito akukuseka kuti ndiwe wogona chifukwa sulandira ziphuphu, usagwe mphwayi. Chimenecho ndiye chitonzo cha Khristu, ndipo 1 Petro 4:14 akukutchani odala.

Koma inu bambo amene munatenga ngongole ku banki m'khonde, mwezi wachisanu uno osabweza, azimayi akabwera kudzakutulutsirani mipando musati ndi nkhondo yauzimu ayi. Musawatchule afiti. Sakukunyozerani pemphero, akufuna ndalama zawo. Petro yemweyo, pa vesi 15, akuchenjeza kuti wina asavutike ngati wakuba kapena wolowerera za eni. Ifenso azibusa vesi la Timoteo lija likuloza ife poyamba. Anthu akafunsa za ndalama za chopereka, tiwaonetse mabuku, tisathamangire kunena kuti akukhudza wodzozedwa.

Ndiye musanatumize pa WhatsApp kuti adani akuchulukirani, dzifunseni: kodi akundinena chifukwa cha dzina la Yesu kapena chifukwa cha zochita zanga? Ngati ndi Yesu, senzani mokondwa. Ngati ndi zochita zanu, pitani mukabweze, mukapepese.

Mukuopa kuti Mulungu akutonzani mukabwerera? Pa Yakobo 1:5 pali liwu la banja lomweli, oneidizo, ndipo akuti Mulungu amapereka nzeru kwa wopempha popanda kumutonza. Anthu adzakukumbutsani zakale, Iye sachita zimenezo. Pemphani nzeru usiku uno, mawa m'mawa mukakonze. Amene wamva anene Amen.