Ana auzidwe zoona pa za ndalama

Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, m'makomo ambiri buledi wa m'mawa adasanduka mbatata. Akuluakulu akudziwa chifukwa chake. Mwana wa zaka zisanu amangoona bambo akubwera chimanjamanja, iye n'kumaganiza kuti walakwa.

Chodandaulitsa n'chakuti makolo ena amamukalipira, kapena kumunamiza kuti "ndikugulira mawa". Mawa lake likapanda kufika, mwana amasiya kuwakhulupirira.

Kumuuza zoona sikulira sukulu. Mayi apite naye kumsika, akaone yekha kuti akagula ufa ndi sopo, ya zigege siyitsala. Amutsimikizirenso kuti vutoli sadalibweretse ndi iye.

Koma za katapila ndi ngongole ya kubanki m'khonde, makolo azikambirana ana atagona.