Mankhwala a BP akavuta, asinthidwe, asatayidwe

Mankhwala a BP sachiritsa matenda othamanga magazi, amangowagwira. Munthu akasiya kumwa, BP imakweranso mwakachetechete, nthawi zambiri mutu osapweteka n'komwe, mpaka tsiku lina sitiroko imamugwetsa ndi kumupha ziwalo mbali imodzi. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi ali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa.

Madandaulo a odwala si bodza ayi. Amlodipine amatupitsa mapazi. Enalapril amayambitsa chifuwa chouma chosamva mankhwala. HCT amakodzetsa pafupipafupi, ndipo dzuwa la Okutobala likaswa mtengo ku Monkey Bay, msodzi amene wakhetsa thukuta amatha kumva chizungulire poimirira m'bwato. Abambo ena mphamvu zakuchipinda zimachepa, ndiye pochita manyazi amangosiya kumwa osauza aliyense.

Kusiya pawekha n'kulakwitsa kwakukulu, chifukwa mitundu ya mankhwalawa ilipo ingapo. Wina ukavuta, dokotala amachepetsa mlingo kapena kupereka wina. Atenolol ndiye woopsa zedi kumudula mwadzidzidzi: mtima umagunda mothamanga, ndipo kwa amene ali kale ndi vuto la mtima, pachifuwa pamapweteka, moyo n'kukhala pachiswe. Ameneyu amachepetsedwa pang'onopang'ono dokotala akuyang'anira.

Pali nthawi zina zosafunika kudikira tsiku la kiliniki. Milomo, lilime kapena nkhope zikatupa atamwa enalapril, wodwala asamwenso, athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa njira ya mpweya ingatsekeke. Mayi amene wazindikira kuti ndi woyembekezera nayenso apite msanga, pakuti enalapril amavulaza mwana m'mimba, pamene methyldopa ndi amene amaperekedwa kwa oyembekezera.

Komatu mlandu suli pa odwala okha. Munthu wochokera ku Chembe kapena ku Msaka amalipira njinga yamoto kuti akafike ku Monkey Bay Community Hospital. Akabwerera kwawo mapazi n'kutupa, popanda amene anamuchenjeza, adzamvera mnansi womuuza kuti adyo ndi mandimu n'zokwanira. Wopereka mankhwala aliyense ayenera kutchula mavuto amene angabwere, kufunsa abambo poyera za kuchipinda, ndi kulemba m'buku lakuchipatala mankhwala amene avuta kuti asadzaperekedwenso. Akasintha mankhwala, apereke tsiku lodzayezanso BP pakangotha masabata ochepa.