Mbewa ya manyazi inafera kuuna: mawu kwa achinyamata ophunzira mbiri ndi zinenero

Ana anga, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikulankhula ndi inu amene munasankha kuphunzira mbiri, zinenero, nyimbo ndi miyambo, inu amene abale amakufunsani kuti maphunziro amenewa mudzadya nawo chiyani. Ntchito yanu ilipo, ndipo ikukudikirani.

M'mayunivesite ambiri tsopano muli gawo la maphunziro lotchedwa digital humanities. Odziwa mbiri ndi zinenero amagwirana manja ndi odziwa makompyuta. Amajambula zikalata zakale, amasamutsa mawu a m'makaseti, kenako n'kusanja zonsezo kuti munthu wofufuza, kaya ali ku Nsanje kaya ku Chipata, azipeze pa intaneti osakwera basi.

Ntchitoyi si yozengereza nayo. M'chaka cha 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba, zikalata zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda n'kusanduka phulusa. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa pamodzi ndi mabuku zikwizikwi. Mu Epulo 2021 moto wolusa unagwira Jagger Library ku University of Cape Town, kumene kunkasungidwa mabuku ndi mafilimu osowa onena za Africa. Madzi akatayika sawoleka. Komanso si moto wokha umene umawononga. Chiswe, mphemvu ndi chinyezi zikudya mapepala athu usiku ndi usana, ndipo nkhalamba iliyonse imene taiika m'manda imapita ndi nthano zake.

Thandizo lilipo kwa wolifuna. Kuyambira mu 2004, British Library yakhala ikupereka ndalama kudzera mu Endangered Archives Programme kwa anthu ofuna kujambula zolembedwa zimene zili pangozi, ndipo National Archives of Malawi ya ku Zomba inapindulapo kale. Laibulale ya UCLA ku America nayo ili ndi Modern Endangered Archives Program, yothandiza kusunga zithunzi, nyuzipepala, mafilimu ndi mawu ojambulidwa. Ku South Africa kuli SADiLaR, ku North-West University, imene imaphunzitsa ofufuza kagwiritsidwe ntchito ka kompyuta pa zinenero za m'dzikolo. Palinso Masakhane, gulu la ana a Africa ophunzitsa makompyuta zinenero zathu, ndipo khomo lake n'lotseguka kwa aliyense. Ambiri mwa inu simulemba makalata opempha thandizoli poganiza kuti ndi za maprofesa okha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lembani, akakukanani mufunse pamene munaphonya, chaka chamawa mulembenso.

Musadikire ndalama za kunja kuti muyambe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa mishoni yakwanu pali kabati ya mabuku a ubatizo ndi maukwati, ena olembedwa agogo anu asanabadwe. Kwa amfumu kuli kaundula wa mudzi. M'sutikesi ya agogo muli makalata ochokera ku Joni ndi ku Salisbury, a nthawi ya Wenela. Foni ya kamera yabwino, tebulo loyera ndi kuwala kwa pawindo n'zokwanira poyambira. Sambani m'manja, muumitse. Tsegulani buku mosalikakamiza, jambulani tsamba lililonse motsatana, ngakhale lopanda kanthu, ndipo musanyowetse chala ndi malovu potembenuza pepala. Mukatha, sungani zithunzizo malo awiri kapena atatu osiyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene ambiri amachinyalanyaza ndi kulemba mbiri ya chimene ajambula. Chithunzi chopanda dzina, mudzi ndi chaka chimakhala chosathandiza kwa wofufuza wa mawa. Mukajambula agogo akuimba nyimbo ya pamtondo, lembani woimbayo, mfumu ya dera lake, tsiku, chinenero ndi tanthauzo limene mwiniwakeyo wakuuzani. Apa ndi pamene mwana wobadwira m'chinenerocho amaposa mlendo wa makina odula. Tikasiyira ena kutilembera, tisadzadandaule atasokoneza mayina ndi matanthauzo, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chenjeraninso ndi kumene zojambulazo zikagone. Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri kuno m'zaka za m'ma 1950, ndipo tiyenera kuthokoza kuti zinasungika. Koma zili ku International Library of African Music ku Rhodes University, ndipo adzukulu ambiri a oimbawo sanamvepo mawu a agogo awo. Musanasaine pangano lililonse, werengani bwino ndi kufunsa kuti mwini wa zojambulazo adzakhala yani. Safunsa anadya phula. Malamulo a Endangered Archives Programme amati zikalata zenizenizo zisatuluke m'dziko lake, ndipo kope la zithunzi litsale komweko. Wina aliyense wobwera ndi ndalama mumuyeze ndi muyeso womwewo.

Pomaliza, ulemu. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, koma kulengezako sikunachotse mwambo. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake. Yambani mwaonekera kwa amfumu, fotokozani cholinga chanu, ndipo akati ichi chisajambulidwe, zimitsani kamera. Wokuuzani nthano mumubwezere kope la mawu ake, ana ake adzamvere.

Mutu umodzi susenza denga. Wa mbiri apeze mnzake wa makompyuta, awiriwo akagogode kwa woyang'anira laibulale ndi kwa akulu a mpingo. Inu aphunzitsi a m'makoleji, apatseni ophunzira ntchito zotere kuti zikhale mbali ya maphunziro awo. Inu ana anga, tchuthi chikubwerachi pitani kumudzi, mukakhale pansi ndi agogo akadali moyo, muyambe kujambula.