Kodi Munthu Wosamudziwa Ali ndi Mtengo?

Achinyamata anzanga ndi akhristu nonse, funso limene ndikufuna tilisinkhesinkhe sabata ino limamveka ngati nthabwala za pabawo. Wina amati: atakupatsa mamiliyoni khumi lero, koma kuti munthu wina afe, munthu amene sumudziwa ndipo maliro ake sudzawamva, ungakane? Ena amaseka, ena amayamba kuwerenga malata a nyumba ndi njinga yamoto ya kabaza imene angagule. Ife a ku Chiradzulu sitiyenera kuliseka funso lotere, pakuti m'dziko lathu lino linafunsidwapo ndithu, ndipo ena analiyankha ndi magazi.

Akuluakulu akukumbukira zaka za 1999 ndi 2000, pamene amayi m'boma lino ankaphedwa ndi kuchotsedwa ziwalo, mantha nkugwira midzi yathu. Nkhaniyi ambiri amaidziwa ndi dzina la mlandu wa Bokhobokho. Patapita zaka, nkhanza zamtundu womwewo zinagwera abale athu achialubino m'maboma ambiri a Malawi. Bungwe la Amnesty International linalemba m'chaka cha 2016 kuti kuyambira mu Novembala 2014 anthu achialubino osachepera 18 anali ataphedwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa ao amabweretsa chuma.

Nkhani imene iyenera kutigwedeza mtima koposa ndi ya MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa zaka 22 wa ku Machinga, amene anasowa mu Marichi 2018, ndipo thupi lake linapezeka litachotsedwa ziwalo. Bwalo lalikulu la milandu linamva kuti amene anamutulutsa pakhomo ndi m'bale wake weniweni, pomunamiza kuti wamupezera mkazi woti akwatire. Mu Epulo 2022 bwalolo linapeza anthu 12 olakwa. Asanu, kuphatikizapo m'bale uja, analamulidwa kukhala m'ndende moyo wao wonse chifukwa cha kupha. Pakati pa enawo panali wapolisi, wogwira ntchito zachipatala, ndi wansembe wa Dayosizi ya Zomba, Thomas Muhosha, amene analandira zaka 30 pa mlandu wochita malonda a ziwalo za munthu, namwalira chaka chomwecho. Limeneli ndi bala la Eklezia wathu, ndipo sitipindula kanthu polibisa. Likutiphunzitsa kuti udindo, maphunziro ngakhale mkanjo wa paguwa sizitchinjiriza mtima umene wayamba kuika mtengo pa munthu.

Taonani zimene ndalama zinachita pa nkhaniyi. Amene amatiyesa ndi funso lija amatsamira pa mau akuti "sumudziwa," ngati kuti tchimo limachepa pamene wakufayo ali kutali. Koma Masambuka anaperekedwa ndi munthu amene anakula naye nyumba imodzi. Mtima ukangovomera kuti moyo wa mlendo ungagulidwe, sutha kuikanso malire. Lero ndi wa boma lina, mawa ndi wa mudzi woyandikana, mkuja ndi mwana wa mai ako. Ndalama zikalowa pakati, m'bale amasanduka mlendo, ndipo mlendo amasanduka katundu.

Malembo Oyera analiona kale funso limeneli. Buku la Deuteronomo 27:25 limaika temberero pa munthu wolandira malipiro kuti munthu wosalakwa aphedwe, ndipo silifunsa ngati wophedwayo anali wachibale kapena wodutsa m'njira. Mu fanizo la Msamariya wachifundo pa Luka 10, Yesu sanamutche dzina munthu wovulazidwa ndi achifwamba uja, komabe ndi yemweyo amene anamuika patsogolo pathu kuti timuchitire zaumnansi. Munthu amene ife sitimudziwa, Mulungu amamudziwa ndi dzina, ndipo kwao ali ndi mai amene amamusungira nsima madzulo.

Wina adzati: ine sindinagwire mpeni, ndinangolozera nyumba, kapena ndinangonyamula chikwama panjinga. Yudasi nayenso sanagwire nyundo kapena msomali. Analozera chabe, nalandira ndalama zasiliva 30. Atazibweza, akulu a ansembe omwe anakana kuziika mosungira chuma cha Nyumba ya Mulungu, pozindikira kuti zinali za magazi (Mateyu 27). Katekisimu wa Eklezia Katolika, ndime 2268, amaphunzitsa kuti tchimo la kupha limagwera wakuphayo pamodzi ndi onse omuthandiza mwakufuna kwao. Malonda a imfa amayenda ndi manja ambiri: wouza kumene mwana amagona, wonyengerera, wonyamula, wosunga, wogula. Aliyense amadzitonthoza kuti gawo lake ndi laling'ono, koma popanda magawo aang'onowo munthu sakadafa.

Sindikunyoza umphawi umene uli pakati pathu. Ndikudziwa kuti alipo achinyamata ku Namitambo, ku Mbulumbuzi kapena ku Nguludi amene anakhoza mayeso koma akungokhala, amene alibe ndalama ya feteleza, amene mai ao akudwala. Njala imalankhula mokweza. Komabe amene akufunidwa kuti afeyo nthawi zambiri ndi wosauka mnzathu, wovutika ndi feteleza yemweyo. Ndiponso malondawo ndi abodza kuyambira pachiyambi. Chialubino ndi chibadwa chochokera kwa makolo onse awiri, chimene chimachepetsa mtundu wa khungu, tsitsi ndi maso. M'mafupa a munthu wachialubino mulibe golide kapena mwayi, ndi mafupa ngati anu ndi anga. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo ena mwa iwo timakhala nao pabenchi imodzi m'tchalitchi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsono yankho lathu tilikonze lero, mayesero asanafike, chifukwa munthu amene amayamba kuganiza ndalama zili kale patebulo amagonja msanga. Wina akakufunsani njira imene mwana wachialubino amadzera popita kusukulu, kapena manda amene anaikidwa, musangokana nkukhala chete. Kauzeni amfumu ndi apolisi tsiku lomwelo, pakuti amene mwamukanayo apita kukafunsa wina. Anzathu a kabaza, mukaona kuti ulendo wausiku ukulipidwa mopyola muyeso ndipo katundu wake sakutchulidwa, usiyeni. M'miphakati yathu tidziwe mabanja amene ali ndi ana achialubino, tiziwayendera, ndipo tileke nthabwala zowatchula kuti ndalama, chifukwa nthabwala zotere ndizo zimazoloweretsa makutu a ana ku maganizo akupha.

Ngati alipo wina amene analandirapo kanthu, kapena akudziwa chiwembu chimene chikukonzedwa, khomo silinatsekeke. Kulakwa kwakukulu kwa Yudasi pamapeto kunali kutaya mtima. Pitani ku sakramenti la kulapa, ndipo pitaninso kupolisi, pakuti kulapa koona sikusiya munthu wina ali pangozi.

Pa msonkhano wa mphakati sabata ino tifunsane: m'mudzi mwathu muno, ndani amene amayenda ndi mantha, ndipo ndani wa ife amene amuperekeze mawa? Ambuye alandire mizimu ya onse ophedwa chifukwa cha ndalama, natipatse mtima wokana chuma cha magazi.