Maloboti pa Rumphi? Tiyambe ndi woyenda pansi

Msewu wopita ku Bolero ndi ku Nyika umadutsa pakati penipeni pa boma la Rumphi, ndipo palibe maloboti. Nyengo ya fodya, malole opita ku okushoni ya ku Mzuzu, akabaza ndi anthu ochokera kumsika amangokanganirana njira. Ena akuti tiikepo maloboti basi. Ine ndikukayika.

Mumzinda wa Drachten ku Netherlands, katswiri wa misewu Hans Monderman anachotsa maloboti pamphambano zotanganidwa, ngozi n'kuchepa. Komatu sanangozula mitengo ya magetsi n'kuchokapo. Anamanganso malowo kuti dalaivala azichepetsa yekha liwiro, aziyang'ana anthu m'malo moyang'ana nyali.

Kwathu kuno pali vuto linanso. Magetsi a ESCOM akathima ku Lilongwe, maloboti amafa, wapolisi n'kuima pakati pa msewu. Nanga wakabaza amene sanapiteko kusukulu yoyendetsa, nyali yofiira imuimitsa?

Khonsolo ya Rumphi ikapeza ndalama, iyambe ndi mahampu, malo owolokera olembedwa bwino, njira ya oyenda pansi ndi siteji yeniyeni ya akabaza. Mwana wasukulu amene akuwoloka m'mawa uja akufunika galimoto yoyenda pang'onopang'ono, kaya magetsi alipo kaya athima.