Dzina la Mulungu si khadi ya chipani

Kuchokera pa Kameza, kaya mwakhotera ku Chileka kaya mwalunjika ku Lunzu mpaka kukafika pa Lirangwe, simuyenda mtunda wautali osaona nyumba yopemphereramo. Lachisanu masana kumamveka kuitana kwa pamzikiti. Loweruka a Seventh Day atchena, Baibulo lili m'khwapa. Lamulungu ndiye chinamtindi: a Katolika, a CCAP, a Zambezi, ndi mipingo yatsopano yopempherera m'makalasi a sukulu. Mkati mwa sabata a Mboni za Yehova ali awiriawiri, khomo ndi khomo. Ndipo ku Chileka musaiwale ma Rasta, chifukwa kumeneko ndi kwawo.

Onsewa amayang'ana kumwamba kumodzi, koma potchula Mwini wake amasiyana. Uyu akuti Yehova, uyo Chauta, wina Allah, wina Jah. Masiku ano kwabukanso anyamata amene aphunzira pafoni kuti dzina lenileni ndi Yahweh, ndipo tonse otchula mwina tinasocheretsedwa. Kusiyanaku sikundisowetsa tulo. Chimene chimandiwawa ndi mawu obwera pambuyo pake, akuti poti ife dzina tikulidziwa, ndiye ndife osankhidwa, enanu ndinu akunja.

Mawu amenewa ndinawamva pamaliro ena kufupi ndi Lirangwe. Malemu anali mayi wachikulire, ndipo ana awo anabalalikira m'mipingo yosiyana monga zimakhalira m'mabanja ambiri. Mlaliki ataimirira, m'malo motonthoza anamfedwa anayamba kugawa anthu. Anati wosadziwa dzina loona asadzinamize, pakhomo sadzalowa. Mwana wamkazi wa malemu, amene anakwatiwa ndi Msilamu, anangokokera mpango kumaso n'kuwerama. Iyeyu ndi amene anadwazika mayi ake mpaka tsiku lomaliza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala ndi supuni. Adzukulu amene anakumba manda m'dothi louma la Okutobala anali atakhala poteropo, fumbi lili mbuu m'miyendo, ndipo ambiri a iwo sanali a mpingo wa mlalikiyo. Palibe anawafunsa dzina limene amapempherera asanawapatse makasu.

Abusa athu akanakumbukira kuti ngakhale Mabaibulo a Chichewa amene ali m'nyumba zathu sanena chimodzi. Buku Lopatulika la 1922, limene ntchito yake anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, linalemba Yehova, ndipo agogo athu anakula nalo dzinalo. Akatolika anali ndi Malembo Oyera amene analemba Yahve. Pamene mipingo inakhalira pamodzi n'kutulutsa Buku Loyera mu 1998, anasankha Chauta, dzina limene makolo athu ankaitana popempha mvula azungu asanaponde kuno, pamodzi ndi Namalenga, Mphambe ndi Chisumphi wa ku Msinja. Eni ake chinenero cha Chihebri, Ayuda, dzina la Mulungu amaliopa. Limalembedwa ndi zilembo zinayi, ndipo akalipeza powerenga salitchula, amangoti Adonai, ndiko kuti Ambuye. Iwo amatseka pakamwa chifukwa cha ulemu, ife tikulitenga dzina lomwelo n'kumamenyera anzathu pamaliro.

Dziko lino likanayenera kukhala lochenjera pa nkhani yosankha anthu, chifukwa tinapsa kale. A Mboni za Yehova, amene kale ankatchedwa Achitawala, anatenga dzina lawolo mu 1931 potsamira pa Yesaya 43. Kuno anakana kugula khadi ya chipani cha Malawi Congress, ponena kuti salowa ndale. Mu Okutobala 1967 boma linawaletsa. Mu 1972 msonkhano wa chipani unagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Nyumba zinatenthedwa, nkhokwe zinagumulidwa, amayi anachitidwa zosaneneka. Zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique, ena anatsekeredwa ku Dzaleka. Chiletso chinachotsedwa mu Ogasiti 1993. Tisamanamizane kuti ochita nkhanzawo anagwa kuchokera kumwamba. Anali ana a m'midzi yathu, ndipo ambiri Lamulungu ankakhala pabenchi m'tchalitchi n'kumaimba nawo. Nthawi imeneyo wosankhidwa anali wa khadi m'thumba.

Sindigwirizana ndi a Mboni pa zambiri, makamaka pamene akunena kuti choonadi chili kwa iwo okha. Koma munthu amene analolera kusiya munda ndi mbuzi zake chifukwa cha chikumbumtima ndimamuvulira chipewa.

Ma Rasta nawo ali ndi yawo. Chikhulupiriro chawo chinayambira ku Jamaica, Haile Selassie atavekedwa ufumu ku Ethiopia mu 1930, ndipo amadziona ngati Aisraeli amene ali mu ukapolo ku Babulo. Ku Chileka uthengawu unamera mizu kudzera mwa Evison Matafale wa m'mudzi mwa Singano ndi gulu lake la Black Missionaries. Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, atamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma. Chaka ndi chaka anthu amakhamukira ku Chileka kukamukumbukira, ndipo nyimbo zake zimavinidwa ndi madikoni omwe. Komabe kwa zaka zambiri mwana wa Mrasta ankabwezedwa pachipata cha sukulu ya boma chifukwa cha tsitsi. Zinatengera khothi lalikulu ku Zomba, pa chigamulo cha Jaji Zione Ntaba mu Meyi 2023, kuti tivomere kuti mwana ameneyu ali ndi ufulu wophunzira ngati wina aliyense. Tinkavina nyimbo za bambo, mwana tikumutsekera kunja kwa kalasi.

Ine ndine Mkhristu, ndipo sindikuuza aliyense kuti asiye chimene amakhulupirira. Ngati mumtima mwanu mwatsimikiza kuti Mulungu anakuitanani, gwiritsitsani. Koma werengani bwino chimene kusankhidwa kumatanthauza m'buku limene mwanyamulalo. Pa Genesis 12, Abrahamu anaitanidwa kuti mabanja ena onse adalitsidwe kudzera mwa iye. Mneneri Amosi anauza Aisraeli kuti kudziwika kwawo kwa Mulungu ndi chifukwa chake chilango chawo chidzakhale chachikulu, ndipo pa mutu 9 anawakumbutsa kuti amene anawatulutsa ku Ejipito ndi yemwenso anasamutsa Afilisiti ndi Aaramu. Yona anakwiya mpaka kulakalaka imfa chifukwa anthu a ku Nineve, amene iye ankawayesa akunja, anachitiridwa chifundo. Kulikonse kumene ndikuwerenga, wosankhidwa amasenzetsedwa katundu wotumikira ena. Sindinapeze pamene anapatsidwa mpando wa pachipata kuti azibweza anzake.

Choncho ndikupempha abusa, mashehe ndi akulu a mipingo a ku Chileka ndi ku Lirangwe kuti mikangano ya dzina muziikambira m'nyumba zanu zopemphereramo, kumene obwerawo abwera mwa kufuna kwawo. Pamaliro anthu sabwerera mpingo, amabwerera malemu ndi anamfedwa. Nanunso a nyakwawa, poti ndinu eni manda ndipo ndinu mumatsegulira mwambo, mawu anu amamveka. Musanapereke mpata kwa a mpingo, akumbutseni kuti pabwalopo pakhala mudzi wonse. Ndipo mlaliki akayamba kugawa anthu pamaso pa bokosi, m'tumizireni mkulu mmodzi akamunong'oneze kuti afupikitse, anthu anyamuke ulendo wa kumanda.