NKHONYA SI CHIGOLI

Abale anga okonda mpira, lero ndiloleni ndilankhule zowawa. Loweruka lina ndinali kwathu ku Mbulumbuzi, pamsewu wa Blantyre kupita ku Zomba, kukaonera ndime ya chipulula ya kampikisano ka m'midzi. Mphotho yake inali mbuzi ndi mpira umodzi basi. Mphindi zitangotsala pang'ono, oyimbira analoza penate. Posakhalitsa mnyamata wina anamuwaza mnzake khofi, mabenchi onse anakhuthukira m'bwalo, ndipo oyimbira, mphunzitsi wa sukulu wongodzipereka, anathawira m'munda wa nandolo, wezulo ali kukamwa. Anthu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa mwana wa mchemwali wanga wa zaka 9 anali kuwomba m'manja, akuti: "Amalume, ngati m'ligi yeniyeni!"

Mwamva? Ngati m'ligi yeniyeni. Mwanayo sananame. Anyamata a ku Mbulumbuzi sanayambitse okha khalidweli. Amalimva pawailesi, amalionera m'nyumba za kanema, amaliona akakwera minibasi kupita ku Kamuzu Stadium. Aphunzira kuti masewero a chikho akafika povuta, wosewera weniweni ndi uja wothamangira oyimbira, kumuloza chala m'maso ndi kumukankha pachifuwa.

Tisanamizane kuti izi nzamasewera chabe. Mu Disembala 2013 ku Balaka Stadium, pamasewero a Silver Strikers ndi Mighty Wanderers, kunabuka ziwawa ndipo munthu anataya moyo. Munthu anachoka pakhomo kukaonera mpira, nabwerera m'bokosi. Patapita zaka 10, mu 2023, matimu omwewa anakumana ku Bingu National Stadium mu Airtel Top 8. Kunabuka mkangano pa chigoli, masewero sanathe, mipando ya bwalo la fuko inaphwanyidwa, ndipo FAM inalamula Wanderers kulipira chindapusa cha mamiliyoni. Kodi pakati pa zaka ziwirizi tinaphunzirapo chiyani?

Ena amati moto umayatsidwa ndi masapota. Ine ndikukana. Munthu ali pamipando amayang'ana osewera ake. Kaputeni akakweza manja kuti anthu adekhe, bwalo limazizira. Akayamba kuvina pamaso pa oyimbira, mwala woyamba umanyamuka. Machesi ali m'manja mwa osewera ndi akuluakulu a timu. Masapota ndi udzu wouma chabe.

Nchifukwa chake chilango cha ndalama chokha sindigwirizana nacho. Chindapusa amalipira ndi timu kapena kampani yothandiza timuyo. Woponya nkhonya thumba lake silibooka, ndipo sabata yamawa timamuona wavalanso jezi. Nkhuyu zodya mwana zapota akulu, mwanayo nkumangonyambita zala.

Taonani kunja. Mu Januwale 1995 Eric Cantona wa Manchester United anamenya sapota ndi theche pabwalo la Crystal Palace. Anali katswiri wa timu yonse, koma analetsedwa kusewera miyezi 8, ndipo khoti linamulamula kugwira ntchito yothandiza anthu maola 120, yomwe anaigwira pophunzitsa ana mpira. Mu 2014 Luis Suarez ataluma Giorgio Chiellini pa World Cup ku Brazil, FIFA inamuletsa masewero 9 a dziko lake ndi miyezi 4 osakhudza zampira. Uruguay inalira, koma inasewera ndime yotsatira popanda iye. Chilango chimene chimaluma ndi chomulanda munthu bwalo.

Ndikudziwa yankho lanu, inu a Noma, a Maule ndi a Mabanka: "Nanga oyimbira akamatibera titani?" Zoona, alipo oyimbira olakwitsa, ndipo nawonso azilangidwa poyera, dzina ndi miyezi yake zilengezedwe. Koma kulakwa kwa wezulo sikupereka chilolezo cha chibakera. Woweruza milandu akalakwitsa timachita apilo, sitimudikirira panja ndi chibonga.

Tsono kwa a FAM ndi a SULOM ndikupempha zitatu. Choyamba, mlandu wa ndewu m'ndime ya chipulula uziweruzidwa masewero otsatira asanafike, kuti wolakwa aphonye masewero amene amawafunitsitsa. Chachiwiri, mulingo ukhale umodzi, kaya wolakwayo ndi wa timu yaikulu ya mu Blantyre kapena ya kumudzi yongolowa kumene m'ligi. Chachitatu, woletsedwayo asamangokhala pakhonde kudikira masiku. Mutumizeni ku mabwalo afumbi ngati lathu la ku Mbulumbuzi, akaime pamaso pa ana amene amamutchula dzina posewera mpira wachikulunga, akawauze ndi pakamwa pake kuti analakwa.

Kuwongola mtengo mpoyamba. Mbuzi ija, ndikuuzeni, palibe anaitenga, chifukwa masewero sanathe. Koma mphwanga uja mpaka lero amayeserera khofi lija akamasewera ndi anzake kuseri kwa nyumba. Chigoli cha tsiku limenelo sachikumbuka nkomwe.